Mano Amene Tinazula

Mayi Telala anaimitsa phazi pa chopondera cha makina, singano ili chilowere m'nsalu, n'kutchera khutu kuchipinda. Kunali zii. Anadikira pang'ono, maso ali pachitseko chomwe masana sichinkatsekedwa, koma sanamve kanthu. Ndiye anawerama, nagwira chingwe chomangirira ku mwendo wa makina, n'kuchikoka kawiri. Chingwecho anachiluka yekha ndi tizidutswa totsala pa nsalu za makasitomala. Chinkadutsa pansi pa tebulo, kulowa kuchipinda, n'kukathera pa kakolo wa mwamuna wake. Kumeneko kunamveka kutsamwa, ngati munthu amene wavuuka m'madzi, kenako mkonono unayambiranso. Apo m'pamene naye Telala anatulutsa mpweya umene anaugwira, n'kupitiriza msoko.

Umu ndi momwe chovala chilichonse chinkasokedwera m'nyumba imeneyi: kuponda pang'ono, kuima, kumvetsera, kupondanso. Makasitomala ankadandaula kuti mayiyu amachedwetsa zinthu, koma sankamuthawa poti dzanja lake linali labwino.

Mwamuna wake anali wophika buledi. Ankalowa ntchito dzuwa likamalowa, n'kubwera m'mawa ali mbuu ndi ufa, m'khwapa muli buledi wopindika amene sakanagulika. Tulo take tinali ta masana. Mumsewu wonsewo ankamutchula kuti a Jenereta, chifukwa magetsi a m'deralo ankazima m'mawa n'kudzayaka madzulo, ndipo akangozima, iye ndiye ankayaka. Mayi wogulitsa makala kutsidya kwa msewu ankati malata ake akuthothoka misomali chifukwa cha bambo ameneyu. Mwiniwake ankaseka nawo. Anali munthu wathupi, wa khosi lalifupi lonenepa, wosachita manyazi kuseka ngakhale kuti m'kamwa munali magweru okhaokha. Anthu ankamva mkonono n'kumaseka. Telala yekha ndiye ankadziwa kuti choopsa si mkononowo, koma pamene wasiya.

Pakona, kuseri kwa mulu wa nsalu, panali chikwama chotseka kale. Munali tizovala ta khanda, matewera ndi kabulangete, zonse zosoka yekha. Mwana wawo mmodzi yekhayo, wamkazi, anakwatiwa kutali, ulendo wa tsiku lathunthu pa basi, ndipo anali ndi pakati poyamba. Apongozi ake aakazi anamwalira kale, ndipo kumeneko analibe mbale wina aliyense. Mwanayo ankaimba foni pafupipafupi, koma sankapempha zambiri.

"Amayi, ine ndikuopa," anatero tsiku lina. "Mungobwera mudzandigwire dzanja basi. Zinazo ndithana nazo."

Telala anamuuza kuti abwera, nanga mayi angalephere bwanji. Atatsitsa foni anakhala nthawi yaitali osaponda makina. Mtima wake unali kale pa basi, koma funso linali lomwelija: akachoka, adzakoka chingwe ndani?

Vuto la Jenereta silinali la dzulo, koma linaonekera poyera tsiku lomwe anagona chiimire pafupi ndi uvuni, mkono n'kutsamira pachitsulo chamoto. Kuchipatala anam'manga bala, koma atamuyeza magazi anakana kumulola kupita. Ankathamanga kwambiri, shuga nayenso anali atayamba kukwera. Anamugoneka komweko atamumata tizingwe pachifuwa ndi pamphuno, ndipo m'mawa mwake dokotala anawafotokozera onse awiri. Anati bamboyu akagona, lilime ndi minofu ya kummero zimagwera kumbuyo n'kutseka njira ya mpweya, ndipo zimatero kambirimbiri pa tulo timodzi. Magazi amasowa mpweya, mtima n'kumagwira ntchito ya anthu awiri pa nthawi yoti upume. Anati matendawa ukawalekerera amabala anzake: mtima umatopa, mutu umaiwalaiwala, ndipo tsiku lina munthu angathe kudzuka atafa ziwalo, kapena osadzuka n'komwe.

Anawabwereka makina opopera mpweya, okhala ndi paipi ndi chophimba mphuno. Anali makina abwino ndithu. Lamulungu lina lomwe magetsi anaiwala kuzima, Jenereta anagona phee ngati mwana, n'kudzuka akuti mutu wake wapepuka moti akuopa kuti uuluka. Koma linali Lamulungu limodzi. Masiku ena onse magetsi ankachoka iye akuvula nsapato. Batire lomwe anapeza linkatha tulo tisanafike n'pakati pomwe. Anapempha bwana wake kuti azigwira masana, koma bwanayo anamufunsa ngati anamvapo za buledi wa m'mawa wophikidwa masana. Mapeto ake makinawo anabwerera kwa eni ake, kuti akathandize ena okhala kumene magetsi ali ndi khalidwe.

Dokotala uja ndi amene anatchula njira ina. Anati madokotala a mano amapanga kachipangizo kovala m'kamwa pogona, kosafuna magetsi kapena batire. Telala atamva mawu akuti "kosafuna magetsi" anasangalala kwambiri, moti pobwerera anagula ulusi wachikasu n'kupeta timaluwa pa kabulangete kaja. Madzulo ake anaimbira mwana wake n'kumuuza kuti nkhani yatha, ayambe kukonza pogona mayi ake.

Chipinda cha dokotala wa mano chinali chaching'ono, chonunkhira mankhwala, chokhala ndi mpando wopendekeka umene unalira Jenereta atakhalapo. Dokotalayo anali mayi wachitsikana wa mawu otsika. Asanayambe chilichonse anatulutsa kachipangizo kachitsanzo m'kabati n'kumupatsa Telala kuti akaone. Kanali ka pulasitiki woonekera, ka magawo awiri, lina lovala mano apamwamba, lina apansi, olumikizidwa ndi tizitsulo m'mbali. Anafotokoza kuti kamakokera nsagwada yapansi kutsogolo pang'ono, lilime n'kutsatira, njira ya mpweya n'kukhala yotseguka. Telala anakatembenuza m'manja, akuyang'ana polumikizira ngati akuyendera msoko wa telala mnzake. Kanali kopepuka, kokwana m'thumba la malaya. Anadabwa kuti zaka zonse zija zomvetsera zingathere pa kanthu kakang'ono chonchi.

"Tatsegulani pakamwa, bambo."

Jenereta anayasamula. Dokotala anatsitsa nyale, nalowetsa kagalasi, n'kuyamba kugogoda dzino lililonse ndi kachitsulo. Sanachedwe, poti zogogoda zinali zochepa. Lina analikankha ndi chala, ndipo ngakhale Telala, ali chapatali, analiona likugwedezeka. Kenako dokotalayo anafunsa kumene mano akumbuyo anapita.

"Anatsogola kupuma pantchito, adokotala," anayankha Jenereta. "Ine ndatsala ndi alonda a pageti okha."

Dokotala sanaseke, ndiye Telala anafotokoza. Kwa zaka zambiri bamboyu ankadzuka mutu ukuwawa, nsagwada zili zolimba, mano akumbuyo akunyerenyetsa. Kuseri kwa msika kunali kachipinda ka munthu wozula mano, kopanda mzere wautali, komwe munthu ankalowa akubuula n'kutuluka ataluma thonje. Akazula limodzi, ululu unkakhala ngati wachepa, mwina poti wa bala unkaposa wa mutu. Pakapita nthawi mutu unkayambiranso, ndipo iwo ankati ndiye kuti lolakwa linali loyandikana nalo. Telala ndi amene ankamuperekeza, ndi amene ankamufunditsira madzi amchere, ndipo ndi amene ankakonda kunena kuti dzino likayamba mwano mankhwala ake n'kulichotsa. Anazinena zonsezi mosabisa, ngati munthu wofotokoza momwe anasamalira bwino wodwala wake.

Dokotala anavula magolovesi pang'onopang'ono. Anati mutu wa podzuka uja mwina sunkachokera m'mano ayi, unali wa kusowa mpweya. Nsagwada zinkawawa chifukwa anthu ambiri obanika m'tulo amakukuta mano osadziwa. Mano ena mwina analidi owonongeka, koma ambiri akanatha kupulumuka. Kenako anatenga kachipangizo kaja m'manja mwa Telala.

"Akaka kamagwira m'mano, mayi. Kamafuna mano olimba m'mwamba ndi m'munsi, chifukwa ndi amene amasenza nsagwada usiku wonse, kaya masana onse. Atsala apawa ndi ochepa, ndipo akugwedera. Ndikawaveka, kamaliza kuwazula."

Telala anafunsa za mano oikirira. Dokotala anati ovula ndi kuvala aja sangathe, angochoka limodzi ndi kachipangizoko. Alipo ena obzala m'fupa ndi tizitsulo, koma fupa la bamboyu linali litaphwera pomwe panali mano, ndipo magazi ndi shuga ziyenera kukhazikika kaye; ngakhale zonse zitayenda bwino, ndi nkhani ya miyezi yambiri. Za opaleshoni ya kummero anati ndi za madokotala ena, ndipo iwo adzayamba afunsa za mtima. Kuchepetsa thupi kungathandize, koma si ntchito ya sabata imodzi. Chomwe akanatha kuwapatsa tsiku lomwelo chinali kamphira kogwira lilime, kosadalira mano. Ananeneratu poyera kuti ambiri amakalephera.

Apa m'pamene Telala anaulula za chingwe. Anali asanauzepo munthu wachipatala, poopa kusekedwa, koma anafuna kuti dokotalayu adziwe kuti iye sakhala manja lende, ndiponso chifukwa chake akulephera kupita kwa mwana wake. Dokotala anamvetsera mpaka kumapeto, ndipo sanaseke.

"Mayi, ndikuuzeni zoona. Nthawi zambiri thupi limadzidzidzimutsa lokha mpweya ukachepa, mukoke kapena musakoke. Chomwe chikuwadya bambowa si kubanika kumodzi ayi, ndi kubanika kwa tsiku ndi tsiku, ndipo chingwe sichingaletse zimenezo. Pitani kwa mwana wanu. Kukhala kwanu pano sikuwachiza."

Anayankhula mwachifundo, koma mawu amenewa anamupweteka Telala kuposa a mano aja. Anakumbukira maliro a abale omwe sanagoneko, maukwati omwe anachokako chakudya chisanafike, ntchito ya kufakitale ya zovala yomwe anaikana chifukwa inali ya masana. Anathokoza dokotala mwaulemu, natenga kabokosi ka mphira kaja n'kukaika m'chikwama chake cham'manja.

Pobwerera anayenda wapansi, Jenereta akupumira m'mwamba pa kachitunda ka pafupi ndi sitolo ya matayala. Anayesa nthabwala ziwiri zitatu, koma zonse zinagwera pansi. Atafika pamthunzi wa khonde la sitoloyo anaima kuti apume.

"Mano amene tinazula aja," anatero Telala, osamuyang'ana. "Ndikanangotseka pakamwa panga."

"Amene ankatsegula pakamwa ndine, mayi. Inu munkangofuna ndigone bwino." Anapukuta thukuta m'khosi. "Madzi akatayika saoleka. Tiyeni, dzuwa likundithera tulo."

Kamphira kaja kanali ngati nsonga ya botolo la mwana. Munthu ankalowetsamo lilime, n'kukafinya kuti kagwire, mbali yotsala n'kukhala kunja kwa milomo. Jenereta atadziyang'ana pagalasi anati tsopano mdzukulu akabadwa azidzabwerekana. Anayesetsa, zimenezo palibe angamunamizire. Koma malovu ankanyowetsa pilo, lilime linkatupa, ndipo tulo tikangomugwira bwino ankakalavula osadziwa. Telala ankakapeza m'khwapa mwake, pansi pa bedi, tsiku lina m'nsapato. Anakasokera kalamba kozungulira kumutu, koma kanangomusupula pakona pa mlomo. Patapita masabata angapo kanapezeka kali pawindo, kakuchita fumbi, ndipo palibe anakatchulanso.

Nthawi ya mwana wawo inali itayandikira. Miyendo inali itatupa, ndipo anamwino anamuuza kuti asatalikire chipatala. Jenereta ndi amene anayamba kukakamira. Anati dokotala wanena yekha kuti chingwe n'chokongoletsa chabe, ndipo iye sakufuna kudzatchedwa bambo amene anamana mwana wake mayi. Anati iye wakhala akufa ndi kuuka tsiku lililonse kwa zaka zambiri, ntchito imeneyi akuidziwa bwino, safunika kapitawo. Telala anaseka koyamba chichokereni kwa dokotala wa mano, ndipo m'mawa mwake, bamboyo atagona, anavala nsapato n'kupita kukagula tikiti.

Kokwerera basi kunali kutali, ndipo pamzere panali anthu ambiri. Atagula anadutsa mumsika n'kugulira mwana wake sopo ndi mafuta odzola. Anadzipeza akuyenda pang'onopang'ono, akuyang'ana nsalu m'masitolo, akumva phokoso la mumsewu popanda kufunafuna phokoso lina mkati mwake. Zinamukomera, ndipo anachita nazo manyazi kuti zamukomera.

Atafika pakhomo, mayi wamakala anamukuwira kuti lero jenereta yatha mafuta msanga. Telala anawonjezera liwiro. Anakankha chitseko n'kupeza mwamuna wake atakhala pansi pambali pa bedi, atatsamira khoma, kapu ya madzi itagubuduka pafupi ndi phazi. Bamboyo anamuyang'ana n'kuyesa kumwetulira, koma mbali imodzi ya pakamwa inakana. Ankafuna kunena chinachake, mawu n'kumatuluka ngati ali ndi chakudya m'kamwa. Dzanja lamanja linali pantchafu, ndipo ankaliyang'ana ngati la munthu wina.

Pofika kuchipatala pa galimoto ya aneba, mawu anali atabwerera, dzanja likugwira, ndipo anali atayamba kale kunena kuti anangoligonera. Dokotala sanavomereze. Anati kumeneko kunali kufa ziwalo kwakung'ono, kumene kumabwera n'kubwerera, ndipo nthawi zambiri kumakhala kalambulabwalo wa kwakukulu. Anawonjezera mankhwala, namulembera masiku opuma, n'kufunsanso za makina a mpweya ndi za kwa dokotala wa mano. Atamva mayankho ake anangogwedeza mutu. Anati chachikulu n'chakuti zikadzachitikanso, pakhale munthu pafupi woti athamangire naye kuchipatala msanga.

Telala ankadziwa bwino lomwe kuti akanakhalapo sakanaletsa kanthu. Anali atamva, ndipo sanali munthu wouma mutu. Koma ankadziwanso kuti bamboyo anakhala pansi paja yekha, akuitana dzina lomwe lilime linkalephera kulitchula, iye ali kumsika kusankha sopo. Anaganiza zopempha mlamu wake, koma ameneyo anali ndi ntchito yake ya masana. Anaganiza za mayi wamakala, koma munthu sungamusiyitse malonda kuti azikamvetsera mwamuna wa mwini akupuma. Mapanga awiri avumbwitsa, ndipo iye anaona kuti kulikonse kumene angapite, mvula imupeza ndithu.

Tsiku la ulendo ananyamula chikwama chija n'kupita nacho kokwerera basi. Anachipereka kwa kondakitala, namuuza kumene mkamwini wake adzachilandirire, n'kuima pambali mpaka basi inanyamuka. Mpando wake unali wa pawindo, ndipo anaona bambo wina ataikapo katoni. Madzulo anaimbira mwana wake. Mwanayo sanakalipe, sanalire n'komwe. Anangoti wamva, awasamale bwino adadi, ndipo kufatsa kwakeko kunamulasa Telala kuposa mmene kukalipa kukanachitira. Jenereta sanalankhule naye tsiku lonse, ndipo chakudya anangochilawa.

Masiku opuma atatha anabwerera ku uvuni, poti panalibe kwina kopita. Zonse zinabwerera m'malo mwake, kupatula kuti tsopano pobwera m'mawa ankakoka phazi pang'ono, ndipo anthu a mumsewu anasiya kumuseka.

Foni inalira masana ena, magetsi atazima, Telala akupinda mpendero wa siketi ya yunifolomu. Anali mkamwini wake. Anati zinavuta, anachita kumung'amba, koma onse awiri ali moyo, ndipo ndi wamkazi. Kenako anapereka foni kwa mkazi wake. Mawu a mwana wake anali otopa, ochokera kutali.

"Amayi, ndinakuitanani. Anamwino akuti ndinakuitanani mpaka mawu anatha." Anapuma pang'ono. "Koma ndachira. Tamumveni mdzukulu wanu."

Kunamveka kukhwekhwereza kwa nsalu, kenako kulira kwa khanda, kwakuthwa, kwaukali, kwa munthu amene mapapo ake ndi atsopano. Misozi inatsika yokha. Telala anakanikiza foni kukhutu, natseka maso, akufuna kumva kulira konseko osataya ngakhale pang'ono. Anali asanamvepo chinthu chokoma chotero. Khandalo linakoka mpweya, n'kuyambiranso mwamphamvu kuposa poyamba, ndipo phokoso lake linadzaza mutu wake wonse.

Apo m'pamene anazindikira kuti sakumva china chilichonse. Sankadziwa ngati kuchipinda kuli mkonono kapena kulibe, ndiponso kuti papita nthawi yaitali bwanji.

"Mukumumva, amayi? Akuti wafanana ndi inu pakamwa."

"Ndikumumva, mwanawe," anatero Telala. "Tamutalikitsa kaye pang'ono."

Anachotsa foni kukhutu n'kuiphimba ndi dzanja pachifuwa. Mdzukulu wake anapitiriza kulira m'chikhatho mwake, motsika, iye atatembenukira kuchitseko.